Ray Lawler ndi Chidole cha Nambala 17

Munthu wogula tikiti ya zisudzo ku Melbourne kapena ku Sydney kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ankadziwiratu zimene akaone. Linkakhala sewero lomwe lidatchuka kale ku London kapena ku New York, lobwera ndi kampani ya J. C. Williamson, yomwe idagwira mabwalo akuluakulu a zisudzo mu Australia kuyambira zaka za m'ma 1800. Kawirikawiri katswiri wotenga mbali yaikulu ankachita kuitanitsidwa kunja, ana a dziko n'kumagawana totsala. Nawonso akakwera pa nsanja ankasiya lilime la kwawo kuseri n'kuyamba Chingerezi cha ku England. Kalankhulidwe ka m'misewu ya Melbourne kankaloledwa ngati cholinga chili choseketsa anthu basi. Zoti munthu wolankhula motero angaliritse holo yonse, eni mabwalowo sankazilota n'komwe.

Mu 1950 mphunzitsi wina wa ku Melbourne, A. A. Phillips, adalemba nkhani m'magazini ya Meanjin yodzudzula mtima wodzidererawu, woti chopangidwa pakhomo n'choperewera mpaka Angerezi atachigwedezera mutu. Olimbana nawo mtimawu adalipo kale. Louis Esson ndi anzake a Pioneer Players adayesa m'zaka za m'ma 1920, koma gulu lawo silidakhalitse. Mu 1948 Rusty Bugles, sewero la Sumner Locke Elliott lonena za asilikali ongogwa ulesi pa kampu ina kumpoto kwa dzikolo, lidakopa anthu ambiri, makamaka akuluakulu a boma la New South Wales ataliletsa kwa kanthawi ati muli mawu otukwana. Choncho amene amati Ray Lawler ndiye adayambitsa zisudzo za ku Australia amakokomeza. Chake n'chakuti sewero lake ndilo lidakhutiritsa eni ndalama, olemba nyuzi ndi anthu wamba nthawi imodzi, kwawo ndi kunja komwe.

Lawler adabadwa pa 23 Meyi 1921 ku Footscray, dera la mafakitale kumadzulo kwa Melbourne. Adali wachiwiri m'banja la ana 8, ndipo bambo ake ankagwira ntchito kukhonsolo. Sukulu adasiya ali ndi zaka 13, nthawi imene chuma cha maiko chidali chitagwa, n'kukalowa ntchito m'fakitale. Masana ankakhetsa thukuta, madzulo n'kumakaphunzira zisudzo. Sewero lake loyamba adalemba ali ndi zaka 19. Limodzi mwa oyambirirawo, Hal's Belles, ndi lanthabwala zozungulira Mfumu Henry VIII ya ku England ndi akazi ake. Nayenso mnyamata wa ku Footscray ankaona ngati nkhani yoyenera nsanja iyenera kuchokera kutsidya kwa nyanja.

Sukulu yake yeniyeni idali ku Brisbane. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, adakagwira ntchito ku Cremorne Theatre, bwalo la zisudzo zosakaniza nthabwala, nyimbo ndi magule, pansi pa Will Mahoney, wanthabwala wa ku America yemwe adatchuka ndi kuvina pamwamba pa mangolongondo aakulu atamangirira timitengo toimbira kumapazi. M'bwalo lotere mulibe chifundo. Nthabwala ikachedwa pang'ono yafa, ndipo amene walipira ndalama zake sabisa kuti watopa nawe. Kumeneko Lawler adaphunzira pomwe munthu ayenera kulowera, pomwe ayenera kukhala chete, ndi utali umene anthu angaseke asanayambe kuyang'ana kukhomo. Komanso Brisbane ndi likulu la Queensland, chigawo cha nzimbe.

Za nzimbezi m'pofunika kuzifotokoza bwino, chifukwa popanda izo sewero lake silimveka. Kuyambira 1863 mpaka 1904, anthu oposa 50,000 adatengedwa ku zilumba za m'nyanja ya Pacific, makamaka komwe lero ndi Vanuatu ndi Solomon Islands, kukagwira ntchito m'minda ya Queensland. Ambiri adachita kunamizidwa, ena kubedwa kumene. Mu 1901 boma latsopano la chitaganya, pofuna kuti Australia ikhale ya azungu okhaokha, lidakhazikitsa lamulo lowathamangitsa, ndipo pakati pa 1906 ndi 1908 zikwi zingapo adabwezedwa. Chikwanje chidatsalira azungu, kuphatikizapo Ataliyana ambiri omwe adakhazikika cha ku Ingham ndi Innisfail. Amunawa ankadula m'magulu, gulu lililonse ndi kapitawo wake, ndipo malipiro ankawerengera matani amene gulu lonse ladula n'kugawana. Wofooka ankadya thukuta la anzake, ndipo aliyense ankamuona. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, atanyanyala ntchito chifukwa cha matenda ofala ndi mkodzo wa makoswe, munda unkayamba watenthedwa usanadulidwe, kotero munthu ankaweruka ali bii ndi mwaye. Nyengo yodula ikatha ankatsikira kumizinda yakummwera matumba ali tho, kukadya ndalama mpaka nzimbe zitakhwimanso.

Amuna otere ndiwo Australia inkadzitamandira nawo. Inkati mwana wa dzikolo weniweni ndi wa kutchire, wamphamvu, wosalankhulalankhula, wosagwadira bwana, ndipo koposa zonse wosataya mnzake pa mavuto. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa onyadira chithunzichi ankakhala m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja, n'kumakwera thiramu kupita ku ofesi.

Mu 1953 Mngerezi wina, John Sumner, adayambitsa gulu la Union Theatre Repertory Company pa University of Melbourne, lomwe pambuyo pake lidasanduka Melbourne Theatre Company. Ankasintha sewero milungu iwiri iliyonse, ochita zisudzo n'kumaloweza lamawa masana uku akuonetsa lalero usiku. Lawler adalowa gululi ngati wochita zisudzo, ndipo Sumner atasamukira ku Sydney mu 1955 utsogoleri udagwera iye. Mwa achinyamata amene ankawayang'anira mudali Zoe Caldwell ndi Barry Humphries. Kumapeto kwa chaka chomwecho, m'gulu lomwelo, ndi pamene Humphries adavala koyamba zachizimayi n'kukhala Edna Everage, mayi wapakhomo wa ku Moonee Ponds yemwe adadzamveka dziko lonse. Zinthu ziwiri zimene zidaphunzitsa Australia kudzimvetsera yokha zidatuluka pa nsanja imodzi motsatizana milungu yochepa chabe.

Chaka chomwecho sewero la Lawler, Summer of the Seventeenth Doll, lidapambana mpikisano wa bungwe la Playwrights' Advisory Board, mphoto n'kugawana ndi The Torrents la mayi Oriel Gray. Bungwe latsopano la Australian Elizabethan Theatre Trust, lokhazikitsidwa mu 1954 pokumbukira ulendo wa Mfumukazi Elizabeth II, lidali kusakasaka sewero la m'dzikomo, ndipo lidasankha la Lawler. Sumner adabwerera kudzalitsogolera. Lidaonetsedwa koyamba pa 28 Novembala 1955 ku Union Theatre. Noel Ferrier adali Roo, June Jago adali Olive, ndipo mlembi mwiniwakeyo, wa zaka 34, adali Barney.

Nkhani yake imachitikira m'chipinda chochezera chimodzi, m'nyumba yakale ya ku Carlton, mu Melbourne. Roo, kapitawo wa odula nzimbe, ndi mnzake Barney akhala akugwira ntchito miyezi 7 kumpoto, n'kumabwera kudzatha miyezi 5 ya nyengo yotentha ndi akazi awiri ogulitsa mowa m'bala, Olive ndi Nancy. Atero kwa zaka 16, popanda ukwati. Chaka chilichonse Roo amabweretsera Olive chidole, cha mtundu wa tija ogulitsa pa zionetsero amatimangirira ku kandodo, tovala zonyezimira. Nsalu ikamatseguka zidole 16 zili mbwee m'chipindamo, zina zosomekedwa kuseri kwa zithunzi, zina m'mitsuko ya maluwa, pamodzi ndi agulugufe ouma, mbalame zofutika ndi miyala ya m'nyanja zochokera kumpoto. Chaka cha 17 chafika, koma Nancy kulibe. Adatopa kudikira, adakwatiwa ndi mwamuna wogulitsa mabuku. M'malo mwake Olive wakoka Pearl, mnzake wa kuntchito, mayi wamasiye wosamala ulemu wake, yemwe wabwera ndi masutikesi koma akukana kuwakweza kuchipinda cham'mwamba asanamuone bwino Barney amene wamva mbiri yakeyo.

Amunawo afika, ndipo pang'onopang'ono zikuululika kuti kumpoto zidavuta. Roo alibe ndalama. M'gulu lake mudalowa mnyamata, Johnnie Dowd, amene adamuposa pa chikwanje. Polimbana naye pa kudula, Roo adagwa maondo anzake akuona, kenako adamenyana, ndipo adachoka pa ntchito nyengo isanathe. Barney, mnzake wa zaka zonsezo, sadamutsatire. Wamufutsira nkhani yoti msana udamuvuta, koma ndi bodza. Tsabola wakale sawawa, ndipo zikumuchitikiranso Barney yemwe: munthu wamfupi wodzitama ndi akazi, wa ana kwa amayi atatu, tsopano akazi ayamba kumuseka. Roo, yemwe ankanyoza ntchito za m'tauni, akukalembedwa ku fakitale ya penti.

Chigawo chimene chimaonetsa bwino luso la Lawler ndi cha usiku wolowera chaka chatsopano. Zaka zam'mbuyo usiku umenewu unkakhala wa chisangalalo chosaneneka, malinga ndi Olive. Tsopano anthu anayi angokhala m'nyumba kukutentha, Pearl akuluka, Barney akulemba kalata, Olive ndi Roo akusewera makadi. Pofuna kudzutsa mtima, Barney anyengerera Emma, mayi ake a Olive, gogo wa pakamwa pakuthwa, kuti awaimbire piyano. Gogoyo satenga nyimbo mwachibwana. Awadzudzula kuti akuphonya, akangana nawo, n'kutuluka mokwiya. Anthu m'holo amaseka mpaka misozi. Kenako kunja kuyamba kuphulika makombola a chaka chatsopano, Pearl alankhula mosaganiza kuti zimene adauzidwa si zimene akuona, ndipo Olive agwa pansi ndi kulira. Kuseka kuja kumathera pakhosi. Munthu amene sadaimepo kutsogolo kwa khamu la ku Cremorne sakadadziwa kuyika nthabwala pafupi chotero ndi chilonda.

Kumapeto Roo avomera kuti nthawi yake yatha, ndipo achita chimene sewero lina lililonse la nthawiyo likadatsekera: apempha Olive ukwati, kuti akhazikike m'tauni. Olive alandira mawuwo ngati mbama. Amulumphira, kumumenya pachifuwa, kulirira zaka zake 17 zimene akuti wamulanda. Atatha adzipukuta, atenga chikwama n'kupita ku ntchito. Roo atenga chidole cha 17 n'kuchimenyetsa pa piyano mpaka kutsala zidutswa, ndipo Barney amutulutsa.

Ambiri amamuwerenga Olive ngati mkazi wokana kukula, wa zaka pafupifupi 40 koma wokakamirabe zidole. Mayi ake omwe amamuona choncho. Ine ndimaona kuti kuwerenga kumeneku n'koperewera. Olive amaimirira tsiku lonse kuseri kwa kauntala, ndipo akazi okwatiwa a m'dera lake amawadziwa, amuna awo amawathira mowa yekha. Adasankha miyezi 5 ya moyo wokoma ndi miyezi 7 yodikira mwaulemu, m'malo mwa miyezi 12 ya zimene amaziona kwa anzakewo. Mu Australia wa 1953, chaka cha nkhaniyi, momwe mkazi ankayezedwa ndi mphete ndi khitchini, kusankha kotere kudali kulimba mtima. Cholakwa chake n'chakuti adamanga moyo wake pa nyonga za thupi la mwamuna, chinthu chimene chimatha. Pearl naye si mfiti ya m'sewero. Amangonena zimene maso ake akuona: nyumba yakutha, zidole zafumbi, amuna awiri otopa. Lawler sadaweruze pakati pawo, ndipo n'chifukwa chake sewerolo likadali ndi moyo.

Anthu adalilandira ndi manja awiri. Ankamva maina a misewu ndi mabala amene amawadziwa, mawu odukaduka a m'thiramu ndi pa mpikisano wa akavalo, ndipo mawu omwewo ndiwo ankanyamula chisoni chonse. Mu Januwale 1956 lidafika ku Elizabethan Theatre ku Sydney, kenako lidazungulira zigawo zonse mpaka m'matauni a kumidzi. N'zoseketsa kuti dziko lidakondwerera chotero sewero limene, ukaliyang'anitsitsa, likugwetsa fano la dzikolo. Mwamuna wa kutchire uja akuoneka atakalamba, akunama, atasiyidwa ndi mnzake, atadetsedwa ndi penti ya m'fakitale. Mwina chimwemwe chodzimva okha chidaphimba kaye ululuwo.

Chaka cha 1956 chomwecho Lawler adakwatira Jacklyn Kelleher, wochita zisudzo mnzake, ndipo adadzakhala ndi ana atatu. Mu Epulo 1957 sewerolo lidatsegulidwa ku New Theatre ku London mothandizidwa ndi Laurence Olivier, ochita ake ali a ku Australia. Nthawi idali yabwino: chaka chimodzi m'mbuyomo Look Back in Anger la John Osborne lidali litazolowetsa anthu a ku London kuona anthu wamba m'zipinda zosaoneka bwino. Lidakhala miyezi pafupifupi 7 ndipo lidalandira mphoto ya Evening Standard ya sewero lopambana m'chakacho.

Ku New York zidakanika. Lidatsegulidwa mu Januwale 1958 n'kutsekedwa litaonetsedwa maulendo 29 okha. Anthu a kumeneko kalankhulidweko kadawavuta, ndipo fano limene linkagwetsedwalo silidali lawo. Kanema wa mu 1959, wopangidwa ndi kampani ya Hecht-Hill-Lancaster, ndiye adachita kuwononga. Roo adali Ernest Borgnine wa ku America, Barney adali John Mills wa ku England, Olive adali Anne Baxter, Pearl adali Angela Lansbury. Nkhani adaisamutsira ku Sydney, komwe kuli doko lokongola pa kamera, ndipo mapeto adawafewetsa kuti anthu atuluke ali ndi chiyembekezo. Ku America adamutcha Season of Passion. Onsewo adali akatswiri, koma atachotsa lilime ndi Carlton, chotsala chidali nkhani wamba ya chibwenzi cha anthu achikulire.

Lawler sadabwerere msanga kwawo. Adakhala ku Denmark, ku England, kenako ku Ireland, zaka pafupifupi 18 zonse pamodzi. The Piccadilly Bushman la mu 1959 limanena za wochita zisudzo wa ku Australia amene adatchukira ku England, n'kubwerera kudzajambulitsa kanema wonena za dziko limene salimvetsanso. N'kovuta kuliwerenga osaganiza za mlembi wake. Silidafike pomwe lidafika loyamba lija, chimodzimodzinso The Unshaven Cheek, loonetsedwa ku Edinburgh mu 1963. Ankapeza chakudya posandutsa mabuku a ena kukhala masewero a pa wailesi yakanema ya BBC, monga Cousin Bette la Balzac mu 1971. Ntchito yabwino ndithu, koma ya mmisiri wolembedwa ganyu. Ndikuganiza kuti chimene chidamusowa kunjako ndi khutu. Mphamvu yake idali kumva anthu a kwawo akulankhula, ndipo ku Ireland sakadawamva.

Pamene iye kudalibe, Carlton yemweyo adasintha. Mu 1967 Betty Burstall adatsegula La Mama m'kanyumba komwe kale kadali fakitale, ndipo posakhalitsa gulu la Australian Performing Group lidakhazikika ku Pram Factory, pafupi pomwepo. Kudatuluka alembi atsopano, Jack Hibberd ndi David Williamson mwa ena, aphokoso, otukwana, osaopa ndale. Kwa iwo sewero la zigawo zitatu la m'chipinda chochezera lidali la makolo. Ku Queensland nako makina odulira nzimbe adali atalanda ntchito, kotero pofika m'ma 1970 magulu a zikwanje adali atatsala pang'ono kutheratu. Ndipo ena amene sewero la Lawler silidawatchule adayamba kudzilankhulira. Mu 1968 Kevin Gilbert, wa mtundu wa Wiradjuri, ali m'ndende adalemba The Cherry Pickers, lonenanso za anthu oyendera nyengo ya zokolola, koma eni nthaka, omwe kudikira kwawo kudalibe miyezi 5 ya chisangalalo. M'nyumba ya Olive simutchulidwa za iwo, kapena za a kuzilumba amene adayamba kudula minda imene Roo amanyadira. Umu ndi mmene Australia ya azungu inkadzionera mu 1955, ndipo sewerolo lidajambula zimenezo mokhulupirika, ndi khungu lake lomwe.

Atabwerako kwa kanthawi chifukwa cha The Man Who Shot the Albatross, sewero lonena za bwanamkubwa William Bligh lomwe Leo McKern adatengamo mbali yaikulu, Lawler adabwereratu mu 1975 kudzakhala mmodzi wa atsogoleri a Melbourne Theatre Company pambali pa Sumner. Adabwereranso kwa anthu ake aja, koma chobwerera m'mbuyo. Kid Stakes la mu 1975 limaonetsa chaka choyamba, 1937, Olive ndi Nancy ali atsikana osoka zipewa. Other Times la mu 1976 lili mu 1945, amunawo atangovula yunifolomu ya usilikali. Pa 12 Febuluwale 1977 masewero atatuwo adaonetsedwa tsiku limodzi ku Russell Street Theatre, anthu n'kuona zaka 17 zikudutsa kuyambira masana mpaka usiku.

Pali chimene adapindula ndi chimene adataya. Woonera onse atatu amafika pa chidole chomaliza atachiona choyamba chikuperekedwa, ndipo kuswekako kumamupweteka kwambiri. Koma m'sewero la 1955 Nancy saoneka ngakhale kamodzi, ndipo kusaonekako ndiko mphamvu yake. Aliyense amamutchula, aliyense amayeza Pearl ndi iye, ndipo woonera sadziwa ngati zaka 16 zija zidalidi zokoma kapena ndi Olive amene adazikometsa m'mutu mwake. Kumuika Nancy pa nsanja kudayankha funso limene linkakoma lili losayankhidwa. Magulu ambiri mpaka lero amangotenga lachitatulo palokha.

Sewero lake latsopano lomaliza kuonetsedwa ndi Melbourne Theatre Company, Godsend, lidatuluka mu 1982. Adalandira ulemu wa OBE mu 1980, ndipo wa dziko lake, Officer of the Order of Australia, udamupeza mu 2023 atapitirira zaka 100. Richard Mills adasandutsa nkhani ya zidoleyi kukhala opera mu 1996, Neil Armfield adatsitsimutsa sewerolo ku Belvoir ku Sydney mu 2011, ndipo ana asukulu a mibadwo ingapo alembapo mayeso. Holo yaing'ono ya ku Southbank Theatre, nyumba ya Melbourne Theatre Company, imatchedwa dzina lake. Adamwalira ku Melbourne pa 24 Julayi 2024 ali ndi zaka 103.

Nanga mnzake wogawana naye mphoto uja? Oriel Gray adali atalemba kale masewero angapo m'gulu la New Theatre, la anthu okonda ndale za apantchito, ndipo kwa zaka zingapo adali membala wa chipani cha Komyunizimu. The Torrents limanena za mtsikana amene walembedwa ntchito pa nyuzipepala ya m'tauni ya migodi ya golide m'zaka za m'ma 1890 chifukwa eni ake, poona zilembo zoyamba za dzina lake, ankayesa ndi mwamuna. Oweruza a mpikisano adaliyesa lofanana ndi la Lawler, koma a Trust sadalitenge. Lidaonetsedwa ndi magulu ongodzipereka ndi kumveka pa wailesi, koma gulu lalikulu la akatswiri lidaliika pa nsanja koyamba mu 1996 ku Adelaide, patatha zaka 41. Gray adamwalira mu 2003. Anthu a ku Perth ndi ku Sydney adadzaliona m'mabwalo awo akuluakulu mu 2019.